Zolakwa Poika Mawaya a Magetsi m'Nyumba za pa Mapulazi

Ndikulankhula ndi inu a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe, makamaka inu abale athu okhala m'makomboni a pa mapulazi a ku Chinhoyi, Banket, Trelawney, Lion's Den ndi Karoi, amene makolo anu adachokera ku Dedza, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete kudzagwira ntchito ya fodya ndi chimanga. Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mawaya a magetsi amene ali m'nyumba zathu, ndi zolakwa zimene anthu amachita powaika.

Tiyambe taona kumene magetsiwo achokera. Khoma la Kariba lidamangidwa pa mtsinje wa Zambezi kuyambira 1955 mpaka 1959, ndipo pofika 1960 makina ake anali atayamba kutumiza mphamvu ku migodi ndi ku mizinda. Nthambo zazikulu zochokera kumeneko zimanyamula mavolti 330,000, ndipo zina mwa izo zimafikira pa siteshoni ya Alaska, pafupi ndi Chinhoyi, mzinda umene akuluakulu akuukumbukirabe ndi dzina la Sinoia, limene lidasinthidwa mu 1982. Mathiransifoma amaitsitsa mphamvuyo mpaka pa nthambo za mavolti 11,000 zimene mumaziona zikudutsa m'minda, ndipo pa mtengo wotsiriza wa pa pulazi imatsikanso kufika pa mavolti pafupifupi 230. Ulendo wonsewo, kuchokera ku Kariba kufika pa mita, uli m'manja mwa anthu ophunzira amene ali ndi zida zoyezera. Koma kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, kamtunda kakafupi kameneko, ndi pamene pagona mlandu, pakuti pamenepo aliyense amene ali ndi mpeni ndi tepi yakuda amadziyesa mmisiri.

Chaka china ndidakacheza pa pulazi ina ya cha ku Mhangura, imene idagawidwa kwa alimi angapo m'zaka zotsatira 2000, monga adachitira mapulazi ambiri a m'dera limenelo. Nyumba yaikulu yakale inali ndi mawaya oikidwa bwino m'mapaipi, ngakhale kuti anali okalamba. Koma pa soketi imodzi ya m'shedi yosankhiramo fodya wina adalumikiza chingwe chopyapyala, cha mtundu uja wa nyale ya pa tebulo, nachiyendetsa pamwamba pa waya wa mpanda, nachikoloweka pa nthambi ya mtengo, nachilowetsa kunsi kwa malata a nyumba yoyamba ya m'komboni. Kuchokera pamenepo chidapita ku nyumba yachiwiri, yachitatu, mpaka nyumba 6. Mfundo zake zina zinali zokulungidwa ndi tepi, zina ndi pepala la pulasitiki. Mwini ntchitoyo, mnyamata waulemu ndi wochenjera, adayenda nane nyumba ndi nyumba akuyatsa nyale, ndipo pomaliza adati, "Bambo, mwaona nokha, zonse zikuyaka." Sadaname ayi. Zinkayakadi.

Mawu a mnyamatayo ndiwo andichititsa kulankhula lero. Pamene ndinkaphunzitsa sukulu ndinkauza ana kuti m'mawaya a nyumba muli antchito a mitundu iwiri: amtengatenga ndi alonda. Amtengatenga ndi mawaya awiri, wamoto amene amabweretsa magetsi, ndi wobwerera amene amawabweza. Awiriwa akangofika pa babu, nyale iyaka, ngakhale mutawalumikiza moipa chotani. Alonda ndi fyuzi, waya wopita m'nthaka, kukula koyenera kwa waya, ndi swichi yoikidwa pa malo ake. Mlonda ukamchotsa ntchito, mawa lake palibe chimene chimasintha pakhomo, mkuja chimodzimodzi, mpaka usiku umene mbala idzafike. Malamulo oika mawaya pafupifupi onse amanena za alondawa. Ndithudi malamulo oyamba a mtundu umenewu ku Britain, amene adalembedwa mu 1882, cholinga chake chinali kupewa moto wobwera ndi nyale za magetsi, ndipo zambiri zimene amisiri a m'maiko athu amaphunzira zidamera pa tsinde limenelo. Tsono munthu wosaphunzira ntchitoyi amasiya alonda, chifukwa saona ntchito yawo, ndipo nyale imamchitira umboni wonama kuti wakhoza.

Cholakwa choyamba ndi kuchepa kwa waya. Waya aliyense amene mukuyenda magetsi amafunda. Koma tamverani bwino apa: magetsi akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi, akachuluka katatu, kutentha kumachuluka maulendo 9. N'chifukwa chake waya ali ndi misinkhu, ndipo msinkhu wake umalembedwa pa chikopa chake. Kawirikawiri wa nyale amakhala wa masikweya milimita 1.5, wa masoketi 2.5, ndipo wa chitofu chachikulu chophikira 6 kapena kuposa pamenepo. Chingwe chopyapyala cha 0.75 chidapangidwa kuti chizinyamula maampeya 6 okha. Ketulo ya mawati 2,000 payokha imakoka maampeya pafupifupi 9. Tsono taganizani za chingwe cha pa pulazi paja nthawi ya madzulo m'mwezi wa July, amayi a m'nyumba zonse 6 atateleka nsima pa mahotipuleti, wina akusita, wina wayatsa chotenthetsa m'nyumba chifukwa cha chisanu. Ndidapempha mnyamata uja kuti achigwire chingwecho pa nthawi imeneyo. Adachigwira, nachisiya msanga, nati, "Chimatero masiku onse." Inde chimatero, ndipo tsiku lililonse chikopa chake cha pulasitiki chimafewa, kenaka chimauma, kenaka chimang'aluka.

Pogula waya chenjeraninso. Pamsika pali waya wotchipa amene kunja aoneka ngati mkuwa, koma m'kati ndi aluminiyamu wongopakidwa. Mukampala ndi mpeni aoneka woyera, ndipo m'manja ndi wopepuka. Aluminiyamu amanyamula magetsi ochepa kuposa amene mkuwa wa msinkhu womwewo ungathe kunyamula, ndiponso amathyoka msanga pa malo omangira.

Mlonda wa waya ndiye fyuzi, kapena kaswichi kodzigwetsa kokha kamene amisiri amati breaker. Fyuzi idapangidwa dala kuti ikhale yofooka. Magetsi akapyola muyezo, imapsa iyo kuti waya wa m'denga asapse. Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi ikamapsa kawirikawiri ndiye kuti ndi yoipa, motero amaikamo msomali, kapena kawaya kamkuwa, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ena, amene amadziyesa odziwa, amachotsa breaker ya maampeya 20 n'kuikapo ya 40, waya ali yemwe uja. Akatero nyumba imakhala chete, palibenso chozima, ndipo onse amamuyamika. Koma chimene wachita n'chakuti wasandutsa waya yense wa m'nyumba kukhala fyuzi, ndipo adzapsera pamene pali pofooka, kaya ndi m'denga la udzu, kaya ndi kuseri kwa kabati ya zovala. Fyuzi ikapsa kawiri motsatizana, funsani chimene chikuipsereza. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Pulagi ya mano atatu amakona, imene idayamba ku Britain mu 1947 ndipo ndi yofala m'maiko athu onse atatu, ili ndi fyuzi yakeyake m'kati, ya maampeya 3, 5 kapena 13. Soketi yake imalola maampeya 13, ndiwo mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ndi hotipuleti pa soketi imodzi zapyola kale muyezo. Ndipo amene amadula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, atawapana ndi timitengo ta machesi, wataya fyuzi ndi waya wa m'nthaka pa nthawi imodzi.

Pali moto wina umene fyuzi, ngakhale yabwino, siingathe kuuletsa, ndiwo moto wa pa mfundo. Mawaya awiri ongopotedwa ndi zala amakhwefuka pakapita nthawi, chifukwa amafutukuka akafunda, nabwerera akazizira. Pamalo pokhwefukapo pamatentha ndi kuthetheka, pamene magetsi oyenda m'wayamo sadachuluke konse, kotero fyuzi siona chachilendo. Lamulo likuti mfundo iliyonse ikhale m'kabokosi kotsekeka, yomangidwa ndi masikuluwu, pamalo poti munthu angathe kufikapo n'kuyang'ana. Pa pulazi nkhani imeneyi ndi yaikulu, pakuti m'shedi muli fumbi la fodya wouma ndi mabelo a chaka chonse, ndipo m'siling'i muli zisa za makoswe amene amatafunanso chikopa cha waya. Nyale ikamaphethira popanda chifukwa, soketi ikachita banga lofiirira, mukamva kulira ngati kwa njuchi m'khoma kapena fungo la pulasitiki wopsa, zimitsani pa swichi yaikulu ndipo muitane mmisiri tsiku lomwelo.

Za swichi ndinena mwachidule. Swichi iyenera kudula waya wamoto. Ikaikidwa pa waya wobwerera, nyale imazimabe bwinobwino, koma pamene pamalowa babu pamakhala pali moto, ndipo mwana wotumidwa kukasintha babu atakwera pa mgolo wachitsulo ndiye adzazindikire cholakwacho. Musakhulupirire mtundu wa waya wokha. M'nyumba zambiri wofiira ndiye wamoto, wakuda wobwerera, wobiriwira wa m'nthaka. M'zingwe za zipangizo za masiku ano wamoto ndi wa bulawuni, wobwerera ndi wabuluu, wa m'nthaka ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu. Koma pa pampu yothirira kapena pa chigayo, pamene pamafika mawaya amoto atatu, m'kaikidwe kakale wabuluu ndi mmodzi wa amotowo. Mmisiri weniweni amayeza ndi chida asanagwire.

Tsopano ndifike pa mlonda amene amanyozeka koposa onse, waya wa m'nthaka. Mwaona kuti dzino limodzi la pulagi ndi lalitali kuposa anzake. Limenelo ndi lake. Ntchito yake ndi kulumikiza thupi lachitsulo la chitofu, filiji, pampu kapena thanki yotenthetsa madzi ku nthaka. Tsiku limene waya wamoto adzasupuke m'kati n'kukhudza chitsulocho, magetsi adzapeza njira yotakasuka, adzathamanga ochuluka, ndipo mlonda wa pa bokosi lalikulu adzawadula nthawi yomweyo. Popanda waya ameneyu chitsulocho chimangokhala ndi moto mwakachetechete, chitofu chikuphikabe, filiji ikuziziritsabe, kudikira dzanja la munthu.

Ndikupempheni tiwerengere limodzi, monga m'kalasi. Ampeya imodzi ili ndi mamiliampeya 1,000. Munthu wonyowa manja, woponda pa simenti wopanda nsapato, akagwira mavolti 230, m'thupi mwake mukhoza kudutsa mamiliampeya oposa 200. Koma mamiliampeya 50 okha, akadutsa pachifuwa, akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima. Ndipo ngakhale ochepera pamenepo amaumitsa zala, munthu n'kulephera kusiya chimene wagwira. Fyuzi ya maampeya 13 ndiyo mamiliampeya 13,000. Mwaona tsono kuti munthu akhoza kufa fyuzi ili phee, pakuti kwa iyo munthu wakufayo ali ngati babu limodzi lowonjezera.

Zolakwa za waya wa m'nthaka ndi zambiri. Ena amagula chingwe cha mawaya awiri chifukwa n'chotsika mtengo. Ena amamdula wachitatuyo chifukwa sadziwa pomumangira. M'nyumba zakale za pa mapulazi ena adammangira ku paipi yachitsulo ya madzi, ndipo patapita zaka wina adachotsa chigawo cha paipiyo naikapo yapulasitiki, osadziwa kuti wadula njira. Kwina ndodo yamkuwa yokhomedwa pansi ndi yaifupi, ndipo m'mwezi wa October, nthaka itauma gwaa, siigwiranso ntchito. Kwina mbala zidaba kale mkuwawo. Mpopi wa kubafa ukamaluma pang'ono m'manja, musaseke kuti ndi mmene umachitira. Umenewo ndi uthenga, ndipo wotsatira wake sudzakhala waung'ono.

Chilipo chida chimene chimaona zimene fyuzi siiona, chotchedwa earth leakage. Chimayerekeza magetsi opita ndi obwerera. Akasiyana ndi mamiliampeya 30, chimadziwa kuti ena akuthawira kwina, mwina m'thupi la munthu, ndipo chimadula msanga kuposa kuphethira kwa diso. Inu amene agogo anu adapita ku Joni mudzakondwa kumva kuti chida chimenechi chidakulira ku migodi ya golide ya ku South Africa. Injiniya wina dzina lake Henri Rubin adachikonza m'zaka za 1955 ndi 1956, ndipo mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba pa mudzi wa mgodi wa Stilfontein, zida zimenezi zidaikidwa m'nyumba za pamudzipo mu 1957 ndi 1958. Zaka zonsezi zapita, koma nyumba zambiri za m'komboni zilibe. Choipa koposa n'chakuti kumene chilipo, mvula ikayamba ndipo chikamagwa kawirikawiri chifukwa madzi alowa m'soketi ya panja, wina amachilambalala ndi kawaya kuti chileke kuvutitsa. Chili ndi kabatani koyesera. Kadinizeni kamodzi pa miyezi itatu, ndipo chikapanda kugwa chisinthidwe.

Za panja ndingotchulako. Waya wolowa m'nyumba pobowola lata, popanda kapaipi komtchinjiriza, amachekeka ndi mphepo pang'onopang'ono mpaka denga lonse likhala ndi moto. Ndipo ngati waya woyanikapo zovala wamangidwa ku denga lomwelo, mayi wa zovala zonyowa ndiye ali pangozi. Chingwe wamba chokwiriridwa m'munda kupita ku pampu chidzakumana ndi khasu kapena pulawo. Chokwirira pansi chikhale cha mtundu wokutidwa ndi zitsulo, chizame, ndipo njira yake idziwike. Mpanda wawaya si mtengo wa magetsi, ndipo kubafa si malo a soketi.

Pali cholakwa china chatsopano chimene makolo athu sadachidziwe. Madzi a ku Kariba adatsika kwambiri mu 2019, ndipo mu November 2022 bungwe la Zambezi River Authority lidauza a ku Zimbabwe kuti madzi a gawo lawo a chaka chimenecho atha. Magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, motero alimi ambiri adagula majenereta, masola ndi mabatire. Zimenezo n'zabwino. Koma ena amatenga chingwe chokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, mbali ina pa jenereta, ina pa soketi ya m'nyumba. Choyamba, mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto ali poyera. Chachiwiri n'choopsa koposa. Thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse: monga imatsitsa 11,000 kufika pa 230, imakwezanso 230 kufika pa 11,000. Mukaiwala kuzimitsa swichi yaikulu, kajenereta kanu kakang'ono kakhoza kutumiza imfa pa nthambo zimene wantchito wa kampani ya magetsi wakwera kukakonza, iye akudziwa kuti adazimitsa. Jenereta kapena sola iyenera kulowa m'nyumba kudzera pa swichi yosinthira, imene siilola kuti magetsi a kampani ndi anu akumane.

Nyumba yatsopano isanalumikizidwe, a kampani yogawa magetsi, kaya ndi ZETDC ku Zimbabwe, ESCOM ku Malawi kapena ZESCO ku Zambia, amafuna kuti ntchitoyo ikhale yochitidwa ndi munthu wovomerezeka ndiponso yoyesedwa. Mwa zimene ine ndaona, zolakwa zambiri zimabadwa pambuyo pake, woyendera atapita: chipinda chowonjezera, kagolosale ka pakhomo, khola la nkhuku, nyumba ya mnansi amene wapempha kuti mumgawireko. Chowonjezera chilichonse chifunika chisamaliro chomwe chija cha pachiyambi. Mukalemba mmisiri ntchito, musachite manyazi kumfunsa chikalata chake, ndipo akamaliza mumuuze kuti ayeze waya wa m'nthaka ndi chida chake inu mukuona, pa soketi iliyonse. Akangoyatsa nyale n'kutambasula dzanja, ntchito sinathe.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, "Bamboyu akulankhula ngati ndalama zimathyoledwa m'tchire, ndiponso nyumba tikukhalamozi si zathu." Ndamva. Ngati ndalama n'zochepa, yambani ndi earth leakage pa bokosi lalikulu, kenaka mafyuzi a muyezo wake, kenaka chotsani chingwe chopyapyala chimene chikunyamula nyumba zambiri. Mabanja 6 akasonkha, mtolowo upepuka. Ndipo ngati nyumba ndi za mwini pulazi, pitani kwa kapitawo kapena kwa mwiniyo muli pamodzi, osati mmodzimmodzi, ndipo mumkumbutse mwaulemu kuti chingwe chimene chikutentha m'komboni chidayambira m'shedi momwe muli fodya wake.

Chotsiriza, chimene ndifuna kuti ngakhale ana achimve. Mukaona munthu wagwidwa ndi magetsi, musamgwire ndi manja, pakuti mudzagwidwa awiri. Thamangirani ku swichi yaikulu. Aliyense pakhomo, ndi ana omwe, adziwe pamene ili, ndipo pasakhale matumba a chimanga otsekereza. Ngati ili kutali, imani pouma, mumkankhe ndi mpini wouma kapena thabwa louma. Koma ngati ndi nthambo zazikulu za pa mitengo zimene zagwa, musayandikire konse, ngakhale ndi mtengo. Letsani anthu ndi ziweto, ndipo tumizani mawu ku kampani ya magetsi. Munthu wachotsedwayo ngati sakupuma, wina adinize pakati pa chifuwa chake mwamphamvu ndi mofulumira osalekeza pamene ena akufuna galimoto. Musamkwirire m'dothi kapena kumthira madzi monga ena amachitira. Ndipo ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze mtima ndi zilonda za m'kati.